Nyimbo 29, zimbale katoni yodzadza

Sabata yatha kunyumba kwathu kunali kamlandu. Mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira kaphukusi kudzera kwa anyamata a basi, ndipo amene anakalandira ku Wenela ndi mayi a kunyumba. Iwo ankayembekeza kuti mwina muli nsalu kapena mafuta odzola. Atatsegula anapezamo ma CD awiri, pachikuto pali mnyamata wakuda atagwira gitala.

"Bambo a Chikondi, munthu uyu si yemwe uja wadzadza katoni kuchipinda?"

Ndinavomera.

"Nanga si mudati adamwalira kalekale? Ndiye akujambulabe nyimbo kumandako?"

Ndinaseka, koma yankho lomveka ndinalibe pomwepo. Funsolo ndi lanzeru, ndipo ndagona nalo masiku angapo. Munthuyo ndi Robert Johnson, woimba nyimbo za blues wa ku Mississippi m'dziko la America. M'moyo wake wonse adajambula nyimbo 29 zokha. Ine m'katoni muja ndili ndi zimbale, makaseti ndi ma CD ake okwana 14. Lero ndiloleni, awerengi, ndiyankhe mayi a kunyumba kudzera patsamba lino, poti pakhomo amandidula mawu ndisanamalize.

Matendawa ndidawatengera kwa amalume anga. Iwo ali kusekondale m'zaka za m'ma 1960 adaphunzitsidwa ndi mnyamata wina wa ku America, mmodzi mwa aphunzitsi a Peace Corps amene adabwera m'dziko muno nthawi imeneyo. Pobwerera kwawo mphunzitsiyo adagawa katundu wake kwa ana asukulu. Ena adalandira mabuku, ena nsapato. Amalume adalandira chimbale chimodzi chachikulu, chakuda, cha mtundu uja timaika pa gumbagumba. Adachisunga mpaka atayamba ntchito n'kugula gumbagumba yawo ya Supersonic.

Ine ndidachimva ndili mwana, ndikukhala kwawo ku Zomba. Loweruka madzulo, akatopa ndi simanjemanje ndi rumba, alendo atapita, ankatulutsa chimbalechi, n'kuchipukuta ndi kansalu, n'kutsitsa singano mosamala. Munkamveka kaye phokoso ngati mvula yowaza padenga la malata, kenaka gitala, kenaka mawu a mwamuna oonda, okwera m'mwamba ngati akulira. Chingerezi chakecho ngakhale amalume sankachimva chonse. Ankangoti, "Mphwanga, tamvera, munthu uyu ali yekha koma gitala ikumveka ngati alipo awiri."

Pachikuto panalibe chithunzi cha woimbayo. Panali chojambula pamanja: munthu atakhala pampando ndi gitala, ukumuonera pamwamba, nkhope yosaoneka. Amalume atatisiya, abale adagawana mipando, njinga ndi masuti. Chimbalechi palibe adachifuna. Ndidachitenga ine, ndipo funso loyamba lomwe lidandigwira lidali lophweka: munthu wopanda nkhopeyu ndi ndani, ndipo nyimbo zake zina zili kuti?

Blues ndi nyimbo za anthu akuda a kummwera kwa America, zidzukulu za akapolo, amene ambiri ankalima thonje m'minda ya eni ake m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi. Robert Johnson adabadwa mu 1911 ku Hazlehurst. Khasu silidamukomere. Ankayenda tawuni ndi tawuni, kuimba m'misewu masana, usiku m'nyumba zomwera mowa. Mu 1936 adapita kwa H.C. Speir, mwini sitolo yogulitsa zimbale mumzinda wa Jackson, yemwe ankasakira makampani oimba atsopano. Kudzera kumeneko adatumizidwa ku Texas kukajambula ndi kampani ya American Record Corporation.

Situdiyo yake idali chipinda cha hotela ya Gunter mumzinda wa San Antonio. Lolemba pa 23 November 1936 adajambula nyimbo 8. Adabwereranso pa 26 ndi pa 27, zonse pamodzi n'kukwana 16. Chaka chotsatira, Loweruka pa 19 ndi Lamulungu pa 20 June 1937, adajambula zina 13 mumzinda wa Dallas. Woyang'anira ntchitoyi adali Don Law. Masiku asanu basi, ntchito ya moyo wonse idathera pomwepo. Pa 16 August 1938 Johnson adamwalira kufupi ndi tawuni ya Greenwood ali ndi zaka 27.

Achinyamata a lero amene mumajambula nyimbo pakompyuta, n'kumadula apa, kumata apo, mvetsani izi. Nthawi imeneyo kunalibe tepi. Woimba akamaimba, singano inkalemba mawuwo mwachindunji pachimbale chofewa, ndipo akalakwitsa panalibe kufufuta. Chimbale chija ankachiumbira china chachitsulo, ndipo chachitsulocho ndi chimene chinkadinda zimbale zogulitsa. Poopa kuti chimodzi chingaonongeke panjira, nyimbo zambiri ankaziimbitsa kawiri. Zimbale zogulitsazo zinkazungulira maulendo 78 pamphindi, mbali iliyonse nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi zitatu, ndipo zikagwa pansi zinkasweka ngati mbale yadothi. Za Johnson zidatuluka 11 iye ali moyo ndi chimodzi atamwalira, zambiri pansi pa dzina la Vocalion. Imene idagulidwa bwinoko idali "Terraplane Blues". Nyimbo zisanu mwa 29 zija sizidatuluke n'komwe, zidangokhala m'nkhokwe ya kampani.

Apa ndi pomwe pali chinsinsi cha ntchito yanga yonse yotolera. Nthawi iliyonse singano ikatsika, kalaliki wa kampani ankapereka nambala. Zojambulidwa ku San Antonio zimayamba ndi zilembo SA, za ku Dallas zimayamba ndi DAL. Nyimbo yoyamba imene Johnson adajambula, "Kind Hearted Woman Blues", ndi SA 2580. "Terraplane Blues" ndi SA 2586. Akaibwereza, kumapeto ankaonjezera 1 kapena 2. Munthu amene dziko lake silidasamale ngakhale kumuitanira dokotala pomwalira, kampani idamusamalira manambala. Osati chifukwa chomukonda ayi, koma poti adali katundu wa malonda, ndipo katundu amalembedwa m'kaundula. Komabe manambala amenewo ndi amene apulumutsa mawu ake.

Ine ndili ndi kope la sukulu la masamba 96 lomwe ndidalembamo nyimbo zonse 29 ndi manambala ake, tsamba lililonse nyimbo yake. Ndikapeza chimbale chatsopano, ndimakhala pansi ndi wotchi, kumvetsera nyimbo imodziimodzi, n'kulemba kuti iyi ndi yoyamba kapena yobwereza, yatenga mphindi zingati, ikumveka bwanji. Mayi a kunyumba amati ndikanaika mtima wotere pa kaundula wa banki nkhonde bwenzi tili ndi minibasi.

Tsopano titsate mapazi a nyimbozi kuchokera kumanda kufika ku Zomba.

Woyamba kumufuna adali John Hammond, mkulu wina wa zoimbaimba ku New York. Mu December 1938 adakonza chionetsero chachikulu cha nyimbo za anthu akuda ku Carnegie Hall ndipo adatuma anthu kuti akamupezere Robert Johnson. Uthenga udabwera woti munthuyo adaikidwa kale m'manda. Hammond adangoika galamafoni pansanja n'kuwaimbira anthu zimbale zake ziwiri. Kuchokera pamenepo padadutsa zaka zoposa 20 dzinali likungodziwika kwa otolera zimbale ochepa, amene ankayenda khomo ndi khomo m'midzi ya anthu akuda kufunsa ngati agogo adasiya zimbale zakale pansi pa bedi.

Mu 1961 kampani ya Columbia, yomwe idali italowa chuma cha kampani yakale ija, idasonkhanitsa nyimbo 16 n'kuzitulutsa pachimbale chimodzi chachikulu chotchedwa King of the Delta Blues Singers, nambala yake CL 1654. Zina adazitenga ku zimbale zachitsulo zomwe zidapulumuka m'nkhokwe, zina adachita kubwereka kwa otolera aja. Chimenechi ndiye chimbale cha amalume. Nkhope idasowa pachikuto chifukwa panthawiyo panalibe amene ankadziwa komwe kuli chithunzi chake. Chimbalechi chidagwa m'manja mwa achinyamata achizungu monga Bob Dylan ku America, Eric Clapton ndi Keith Richards ku England, ndipo iwo adatenga nyimbozo n'kuziimba ndi magitala amagetsi pamaso pa makamu omwe mwini wake sadawalotepo.

Mu 1970 kudatuluka chimbale chachiwiri cha dzina lomwelo, nachonso cha nyimbo 16. Mukaphatikiza mupeza 32, chifukwa nyimbo zitatu zili konsekonse. Pofika apa nyimbo zonse 29 zidali zitamveka. Mu 1990 Columbia idatulutsa bokosi lotchedwa The Complete Recordings, momwe mudali zojambula zonse 41 zomwe zinkadziwika, zoyamba ndi zobwereza, pamodzi ndi kabuku ka masiku ndi manambala. Eni kampani sadayembekeze zambiri, koma bokosilo lidagulidwa kuposa 1 miliyoni ndipo lidapata mphoto ya Grammy. Dzina lake limatanthauza kuti zonse zakwana, koma sizidakwane. Patapita zaka kudapezeka kujambula kwina kwa "Traveling Riverside Blues", komwe kudatuluka mu 1998, chiwerengero n'kufika 42. Mu 2011, pokumbukira zaka 100 chibadwire, akatswiri adabwereranso ku zimbale zakale zabwino kwambiri zomwe akadapeza, n'kuzikoperanso ndi makina atsopano. Ma CD awiri amene adatsegula mayi a kunyumba aja ndi amenewo. Ndakhala ndikuwasaka zaka zambiri.

Mwina mukuti, chabwino, koma ngati nyimbo ndi zomwezo, bwanji osangogula bokosi limodzi n'kupuma? Ndikuuzeni zomwe zidandichitikira ndi mnzanga wina, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Ndirande, yemwenso amakonda nyimbo zakale.

Pachimbale cha amalume pali nyimbo yotchedwa "Come On in My Kitchen". Ndi yodekha, yoyenda pang'onopang'ono, gitala ikulira motsatira mawu, pena woimbayo n'kumanong'ona. Ndidakula ndikudziwa kuti nyimboyo ndi imeneyo. Tsiku lina mnzangayu adandiimbira nyimbo ya dzina lomwelo pa CD yomwe mwana wake adamugulira ku Leeds. Idali yofulumirako, yopepuka, mawu ena osiyana. Ndidamuuza m'maso kuti, "Achimwene, akupusitsani, uyu si Robert Johnson." Iye adati wopusitsidwa ndi ine. Tidakangana mpaka tiyi adazizira, ndipo kwa miyezi iwiri tinkangopatsana moni wa pamsewu.

Adatiyanjanitsa ndi kabuku ka m'bokosi la 1990, lomwe ndidalipeza pambuyo pake. Nyimboyo ndi SA 2585, ndipo ilipo kawiri, yonse yojambulidwa tsiku limodzi. Yodekha ija ndi yoyamba. Yofulumira ija ndi yachiwiri. Chomwe chidandichititsa manyazi n'chakuti imene kampani idagulitsa mu 1937, imene anthu a ku Mississippi adaimva pa magalamafoni awo, ndi ya mnzangayo. Yanga ija idakhala m'nkhokwe mpaka 1961. Tonse tinkanena zoona, koma amene adali pafupi ndi zomwe anthu akwawo a Johnson ankadziwa adali iye. Ndidapita ku Ndirande ndi paketi ya shuga kukapepesa.

Nkhani imeneyi idanditsegula maso. Ndidayamba kuyang'ana osati zimene zili pachimbale cha amalume zokha, komanso zimene adazisiya. Amene adasankha nyimbo 16 mu 1961 adakonda zachisoni ndi zoopsa: za mphambano, za Satana, za galu wa kumidima wolondola munthu. Nyimbo zovinitsa monga "They're Red Hot", "Sweet Home Chicago" ndi "I Believe I'll Dust My Broom" adazisiya, zidadikira mpaka 1970. Choncho kwa zaka 9 dziko lidadziwa Robert Johnson wamantha, wosungulumwa, wothamangitsidwa ndi mizimu. Koma anzake amene adayenda naye, monga Johnny Shines, adafotokoza za munthu amene ankaimba chilichonse chomwe anthu apempha, za dansi, za azungu akumidzi, zotchuka pawailesi, bola ndalama igwe m'chipewa. Adali woimba wa pamowa, wodziwa kusangalatsa anthu. Wosankha nyimbo ndi amene adamuveka nkhope yachisoni ija, pomwe mwini wake ali m'manda sangadziyankhire.

Pankhope imeneyo mpomwe padamera nthano yotchuka yoti Johnson adapita pamphambano pakati pa usiku n'kugulitsa mzimu wake kwa Satana kuti adziwe gitala. Ife kuno nthano zotere sitizidabwa. Mnyamata akachoka pamudzi ali wamba n'kubwerako ali katswiri, timati wakhwima. Ofufuza adapeza kuti nkhani ya mphambanoyi inkanenedwa poyamba za woimba wina, Tommy Johnson, ndipo m'bale wake ndi amene adaifotokoza. Adapezanso kuti Robert adakhala nthawi yaitali pakhomo pa katswiri wina wa gitala, Ike Zimmerman, kufupi ndi Hazlehurst, akuphunzira usana ndi usiku. Mukamvetsera zobwereza zija motsatizana, mumamva munthu amene adakonzekera: poyambira, pothera ndi kutalika kwa nyimbo zonse adaziyeza kuti zikwane mphindi zitatu za chimbale. Chizimba chake chidali khama. Kunena kuti adapatsidwa ndi Satana ndi kumubera thukuta lake.

Si zonse za m'katoni muja zomwe ndimanyadira. Malamulo a ku Ulaya ankalola kuti nyimbo ikatha zaka 50 chijambulire, kampani iliyonse itha kuitulutsa osapempha. Choncho kudabuka timakampani tambirimbiri totulutsa nyimbo zomwezo ndi mayina atsopano ndi zikuto zokongola. Ine ndidagwa m'mbuna imeneyi kangapo. Ndikaona dzina lachilendo pa CD m'sitolo ya zinthu zakale, kapena wachibale akandiuza kuti waona ina kunja, mtima unkagunda kuti mwina muli nyimbo ya 30. Kufika nayo kunyumba, kutsegula kope langa, n'kupeza kuti ndi zomwe zija, angosintha ndondomeko. Ina adaichotsa phokoso la mvula lija mopitiriza muyeso mpaka gitala ikumveka ngati ili m'chidebe cha madzi. Ina ndidaigula mwezi womwe fizi ya mwana idali isanakwane, ndipo za tsiku limenelo sindifuna kuzikumbutsa pano, poti mayi a kunyumba nawonso amawerenga tsamba lino. Phunziro ndidalitenga: nyimbo ya 30 kulibe pamsika, ndipo CD yopanda manambala ndi masiku pachikuto ndimaibwezera pashelefu.

Palinso mkangano wa liwiro. Anthu ena akhala akunena kuti nyimbo za Johnson timazimva zothamanga kuposa momwe adaimbira, kuti makina adazifulumizitsa, ndipo ukazichedwetsa umamva mawu a mwamuna wamkulu, okhuthala. Nditamva izi ndidaseka ndekha, chifukwa ine Johnson wochedwayo ndidamumva kalekale. Ndili kusekondale ndidakopera chimbale cha amalume pakaseti, ndipo kawailesi kanga kankayendera mabatire. Mabatire akayamba kutha, mawu ankatsika, gitala n'kumakoka miyendo, mpaka ndikawaanike padzuwa. Kunena zoona zinkakoma ndithu. Koma kukoma si umboni. Nyimbozi zidajambulidwa m'mizinda iwiri, masiku asanu osiyana, motalikirana miyezi 7, ndipo oimba ena amene adajambulidwa ndi makina omwewo masiku omwewo amamveka bwinobwino. Anthu amene adamudziwa maso ndi maso, monga Shines uja ndi Robert Lockwood, adakhala ndi moyo zaka zambiri akumva zimbalezi, osadandaula kuti mawuwo si ake. Akatswiri ambiri adaikana nkhaniyi, ndipo ine ndili mbali yawo.

Chimene ma CD atsopanowa andipatsa ndi china. Usiku wa Lachisanu, magetsi atabwera, ndinawaika n'kutsegula kope langa. Phokoso la mvula lilipobe, koma lapita kumbuyo. Kutsogolo kwabwera chala chikukhudza waya, mpweya akukoka asanayambe mzere, kulemera kwa waya wamkulu amene amalume ankati ndi munthu wachiwiri. Kwa zaka zonsezi ndinkamva munthuyu ngati ali kuseri kwa khoma. Usiku umenewo chitseko chinatseguka pang'ono. Ndinalakalaka amalume akanakhalapo.

Nanga ndalama zonse za zimbalezi adadya ndani? Johnson adalipidwa kamodzi kokha pojambula, monga zinkachitikira oimba akuda nthawi imeneyo. Zithunzi zake ziwiri zodziwika, chimodzi atavala suti ndi chipewa, china ali ndi ndudu pakamwa, zidapezeka kwa mlongo wake Carrie Thompson m'zaka za m'ma 1970, ndipo anthu ambiri adayamba kuziona m'ma 1980. Chachitatu chidatuluka mu 2020 m'buku la mlongo wake wina, Annye Anderson. Ndalama zitayamba kulowa pambuyo pa 1990, milandu idabuka. Mu 1998 khoti la ku Mississippi lidagamula kuti Claud Johnson, dalaivala wa lole yonyamula miyala, ndi mwana wake ndipo ndiye wolowa chuma. Panthawiyo n'kuti bambo ake atagona m'manda zaka 60. Mandawonso ndi nkhani: pali miyala itatu pa matchalitchi atatu osiyana m'dera la Greenwood, uliwonse ukunena kuti wagona pano. Chikalata cha imfa yake, chomwe wofufuza Gayle Dean Wardlow adachipeza mu 1968, kutsogolo kwake sichitchula matenda, chimangosonyeza kuti panalibe dokotala. Nkhani yoti adamuthirira poizoni mu mowa chifukwa cha mkazi wamwini idachokera pakamwa pa anthu.

Taonani tsono: tsiku ndi malo omwe adaimba nyimbo iliyonse tikudziwa, koma pomwe pagona mafupa ake anthu akukanganabe. Cholembedwa chidakhala, chosalembedwa chidasanduka nthano.

M'katoni momwe muja, pansi pa zimbale za Johnson, muli makaseti atatu a Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo amene ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, yemwe adamwalira mu 1995. Alendo akamva mawu ake amakonda kumuyerekeza ndi oimba blues, ndipo ukamvetsera umamvetsa chifukwa chake. Makasetiwa ndidagula pamsika, okopera. Pa imodzi adangolemba ndi bolopeni kuti "Namoko". Palibe chaka, palibe malo, palibe dzina la woimba ng'oma, ngakhale mayina a nyimbo palibe. "Lameki" ndili nayo pa makaseti awiri, ndipo ikumveka mosiyana. Ya Johnson ndidathetsa mkangano ndi nambala. Ya Namoko, munthu wa kwathu konkuno, amene adamwalira ine ndili kale pantchito, kope langa lili ndi tsamba loyera.

Zolembedwa bwino za oimba athu akale zilipo, koma zambiri adalemba ndi alendo. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo m'midzi, ndipo nyimbo iliyonse ankailembera dzina la woimba, malo ndi chaka. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music mumzinda wa Makhanda ku South Africa, ndipo zina zidatulukanso pa ma CD. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 n'kuyamba kujambula ndi kulemba za nyimbo zawo, ndipo ndi yemwenso adalemba buku lofufuza ubale wa blues ndi nyimbo za ku Africa. Tiwathokoze. Koma sitingadikire mlendo nthawi zonse kuti adzatilembere mayina a agogo athu.

Pempho langa kwa inu awerengi ndi laling'ono. Ngati m'nyumba mwanu muli chimbale chakale, kaseti, kapena tepi ya oimba athu, musataye poti mulibe choimbira. Musasiye padzuwa kapena pachinyezi. Zimbale muziimike chilili, osati kuzisanjikiza. Ndipo tengani pepala mulembe zomwe mukudziwa: mudagula kuti, chaka chanji, akuimba ndani, manambala onse amene ali pachikuto ndi pakati pa chimbalecho. Ngati pamudzi pali wachikulire amene adaimba nawo m'gulu lina, mufunseni lero, mulembe. Ana akamakopera nyimbozo pafoni, awonetsetse kuti dzina ndi chaka zapita nawo limodzi. Tsiku lina wina adzafuna kutulutsanso nyimbo zimenezi, ndipo adzasankha kuti Namoko kapena Kachamba adali munthu wotani. Pepala lanulo ndi lomwe lidzamuletse kunama.

Mayi a Chikondi, yankho lanu ndi limenelo. Munthuyo sakujambula kumanda ayi. Nyimbo ndi 29 zomwe zija. Chimene ndakhala ndikugula ndi makutu a anthu osiyanasiyana amene adazimva m'zaka zosiyana, aliyense n'kusankha zake, ndipo pofananiza ndimayesa kufika kwa mnyamata amene adakhala m'chipinda cha hotela Lolemba lija. Ndikulonjeza pamaso pa awerengi kuti ya 14 iyi ndi yomaliza.

Pokhapokha atapeza kujambula kwa 43.